Masamba M'mimba mwa Zidole

Anthu a kuno ku Namitete akandiona nditakhala pakhonde ndi ndodo yanga amanditcha mzungu wopuma. Amafuna kudziwa kuti ku Mangalande ndinkagwira ntchito yanji, ndipo ndikawauza kuti yomaliza inali yomwetsa madzi zidole, amaseka mpaka kugwira m'mimba. Aseke, mano ndi awo. Ambiri a iwo ngakhale ku Mchinji komwe sanapondeko. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma cholembera ndimachigwira, ndiye nkhaniyi ndiilemba ndekha kuti ndikadzapita wina asadzaithire mchere wake.

Ndisanapite kunja ndinali wosenza katundu pa depoti ina ku Kanengo. Thumba la feteleza limene anyamata awiri ankalimbana nalo, ine ndinkaliponya pakhosi ndekha, nyimbo ili pakamwa. Mawu anganso anali otero: ndikaitana munthu amene ali kugeti, a muofesi ankatseka mawindo. Ndinanyamuka nthawi ija munthu unkangogula tikiti n'kukwera ndege, pasipoti m'thumba basi. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pa siteji ya basi. Sanalire. Anangonena kuti kwa eni munthu amasiya phazi, ndiye mlomo wangawu ndiusiye konkuno. Sindinausiye.

Ku Leicester ndinafikira ku Highfields, m'nyumba imene tinkagona amuna asanu ndi awiri, ena a ku Mangochi, ena a ku Zambia, makoma ake otuluka thukuta nyengo yozizira. Bafa linali limodzi, ndipo wodzuka mochedwa ankasamba madzi oti ukaponyamo nsomba ingapemphe bulangete. Ndapakirako nkhuku m'fakitale yozizira ngati mochale. Ndasenzako makatoni m'maweyahausi, ndatsukako mabasi. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi, ndipo mwana wanga mmodzi yekhayo, Naphiri, anaphunzira unamwino ndi thukuta la khosi ili. Mayi ake anamwalira mapepala anga ali m'manja mwa boma la kumeneko. Maliro ndinawamvera pa foni.

Patapita zaka Naphiri naye anabwera ku Leicester, atapeza ntchito pachipatala chachikulu, ali ndi mwamuna wake. Anapeza nyumba ku Braunstone n'kudzanditenga ku Highfields ngati katundu woiwalika. Mwamuna wakeyo ndi mwana wa ku Thyolo, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda, ntchito yake yosambitsa nkhalamba za azungu. Sanandilakwirepo, ndipo n'chimene chinkandinyansa kwambiri. Kwathu kuno mkamwini ndiye amabwera pamudzi pa apongozi, kumanga kanyumba kuseri, kulima munda wawo, akawaona m'njira n'kupatuka. Kumeneko zinatembenuka. Kiyi wake, mpando wake, moto wotenthetsa nyumba ankayatsa ndi iye, kuzimitsa ndi iye. Ine ndinasanduka mkamwini wa mkamwini wanga. Naphiri ankati ndagwira mokwanira, ndipume. Ndinamuyankha kuti munthu amapuma kumanda, ndipo m'mawa mwake ndinakwera basi kupita kwa a ejensi, aja amagawa maganyu.

Ananditumiza ku paki ya masewera, kutchire, ulendo wa ola lathunthu pa minibasi. Abale anga, zopusa ndaziona padziko, koma za kumeneko n'zina. Anthu akuluakulu, a ndevu, ena a imvi, amalipira ndalama kuti awaopseze. Amawamanga pampando, kuwaponya m'mwamba, kuwazondotsa, iwo n'kumakuwa ngati mbuzi ya pachinkhoswe, akatsika n'kukaimanso pamzere. Mantha amene ife timapatsidwa ulere. Akanabwera kuno ndikanawakweza lole ya matola yotsika ku Golomoti mvula itagwa, dalaivala atalawako pang'ono, akanakhuta mantha a chaka chonse n'kutsalako ena okagawira abale.

Pakiyo inali itangomanga chatsopano, sitima yoyenda panjanji ya m'malere. Imakwera phiri lachitsulo lalitali kuposa bulugamu, kugwa chamutu, kukweranso lachiwiri, lachitatu, kuzungulira, n'kubwerera pomwe inayambira. Sitima yopanda kopita. Chitsulo chimene anathera pamenepo chikanamanga milatho pa mitsinje yonse ya kwathu.

Komatu pa chinthu chimodzi ndiwapatseko ulemu pang'ono: sangokweza anthu tsiku loyamba. Amayamba kuiyendetsa yopanda kanthu. Kenako amakweza zidole. Kenako antchito ochepa. Ndiye pamabwera tsiku la abale a antchito, ndipo pomaliza amatsegulira anthu wamba pang'onopang'ono, akuti tikuyesa kaye, ikaima musadandaule. Nthawi yonseyi akusintha. Apa kumanga, apa kumasula, mateyala awa achoke abwere ena, mabuleki a pakati agwire msanga kapena mochedwa. M'mawa kukazizira girizi amauma, sitima imayenda ngati yadwala malungo. Dzuwa likatuluka imapenga. Zonsezo amalemba.

Wolembayo anali mtsikana, injiniya, dzina lake Hana, wa ku Loughborough, wamng'ono kwa Naphiri. Ankati ali ndi madigiri awiri. Tsiku lonse maso pa kompyuta, sitima ikudutsa pamutu pake osaiyang'ana n'komwe, iye kufuna kuiona pa manambala. Kapitawo wathu anali Kevini, mimba patsogolo, kapu ya tiyi m'manja. Ife a zidole tinali awiri, ine ndi Sakala wa ku Chipata, mnzanga wa m'nyumba ya ku Highfields ija, amene anali atangolandira mapepala ake ndipo ankaopa ndi chithunzithunzi chake chomwe.

Zidolezo n'za pulasitiki wabuluu, zopanda mutu, zopanda manja, thupi ndi ntchafu basi, zopindika ngati munthu amene wakhala pampando. Pamwamba chotsekera, kumunsi kampopi. Chikadzaza madzi chimalemera ngati munthu wamkulu. Ine ndi Sakala tinazipatsa mayina. Panali Abusa, amene ankakhala kutsogolo osagwedezeka. Panali Mlamu, wothontha nthawi zonse. China chopindika msana tinkachitcha Kevini, ndipo masana tikamadya buledi wathu kuseri kwa shedi, Sakala ankachifunsa ngati chikufuna tiyi. Zidolezo ndi anthu okhawo a pa paki paja amene ndinkawalemekeza, chifukwa ankakwera popanda kulipira ndipo sankakuwa.

Mipando inali makumi awiri ndi inayi. Madzulo aliwonse tinkakhuthula zidole kuti madzi asaundane n'kuzing'amba, m'mawa n'kuzidzazanso. Paipi yothirira inkafika kutsogolo ndi pakati, koma mipando isanu ndi itatu ya kumbuyo inali kutali. Paipi yaitali akuti anaitanitsa. Kwa azungu chinthu chikaitanitsidwa chimayamba chayenda m'mapepala ngati mkwatibwi wokana kulowa m'nyumba. Ndiye za kumbuyozo zinkafuna zigubu: kutunga pa mpopi wapansi, kukwera masitepe, zigubu zinayi chidole chimodzi.

Kevini ananena kuti tizisinthana ndi Sakala, chigubu chimodzi paulendo, ndipo anationetsa kapindidwe ka mawondo ponyamula. Kundiphunzitsa ine kunyamula. Ndinaseka mpaka Hana anadzutsa mutu pa kompyuta. Ndinamuuza Kevini m'Chingerezi changa chothyokathyoka, mokweza kuti onse amve, kuti za kumbuyo asiyire ine ndekha, ziwiri paulendo, ndipo ndizimaliza iye asanamalize tiyi wake. Anandiyang'ana imvi, anakweza mapewa. Kuyambira tsiku limenelo ankanditcha Bigi Mani.

Sabata yoyamba ndinasenza ngati ndili ku Kanengo. Yachiwiri, Lachitatu m'mawa, ndili pakati pa masitepe, china chake chinalira kumunsi kwa msana ngati nsambo ya banjo ikamaduka. Ndinaima. Kumwamba Kevini anali akuseka ndi foni yake. Ndikanatha kunena. Koma kunena kwake kukanakhala kotani? Kuti Bigi Mani walephera zigubu, abwerere ku Braunstone akakhale pampando wa mkamwini, kudikira kuti amuyatsire moto? Ndinaluma mano, ndinamaliza kukwera.

Tsiku limenelo chidole chilichonse cha kumbuyo chinamwa zigubu zitatu. M'mawa mwake ziwiri. Pulasitikiyo saonetsa zam'kati, ndipo kumbuyo kunalibe amene ankabwerako.

Vuto linali phokoso. Chidole chodzaza chimakhala chete, chosadzaza chimalankhula. Sitima ikaima, m'mimba mwa zanga munkamveka khavu khavu. Sakala anamva tsiku loyamba lomwelo, anandikokera pambali.

"Mudala, vidoli vanu vikamba. Manzi mwaika yokwana?"

Ndinamuuza kuti asamale paipi yake. Koma ndinadziwa kuti chimene khutu la Sakala lamva, tsiku lina la Hana lidzachimvanso. Ndili pa mpopi ndinakumbukira mkazi wanga akuchokera kuchitsime, ndowa pamutu, atathyolera masamba pamwamba pa madzi kuti asamakhavuke. Pafupi ndi mpopiwo panali mpanda wa mitengo ya masamba okhuthala, aja sayoyoka ngakhale kuzizire bwanji. Ndinapulula odzaza matumba a jekete, n'kuwafinyira m'kamwa mwa zidole zonse zisanu ndi zitatu. Phokoso linachepa, lotsalalo mphepo ndi zitsulo zinkalimeza. Madzulo ndinkazikhuthula ndekha, madzi n'kutuluka, masamba n'kutsala. Nzeru za mayi wa kumudzi amene sanalowepo m'kalasi zinapusitsa madigiri awiri. Ndinanyada nazo, sindikana.

Masiku otsatira Hana anasowa mtendere. Sitima inkafika pa phiri lachitatu ikukwawa ngati nkhalamba yokwera chulu, n'kutsala pang'ono kubwerera chambuyo. Manambala ake sankagwirizana ndi a eni ake amene anaipanga kutsidya kwa nyanja. Anati mwina n'kuzizira, anadikira dzuwa. Anati mwina ndi mateyala, amakaniko anagona pansi masiku awiri kusintha mateyala. Anati girizi. Anaimba mafoni, analankhula ndi anthu a pa kompyuta, anadya zikhadabo. Ankadutsa pafupi ndi zidole zanga kakhumi patsiku osaganiza zogwedeza ngakhale chimodzi. Mayi aliyense wogula mafuta pamsika amayamba wagwedeza chigubu. Ine ndili phee, kuseka cham'mimba. Pomaliza analamula kuti mabuleki a pakati, amene amaigwira sitima isanafike pa phiri lachitatu, awamasule. Sitima inadutsa phirilo bwinobwino. Anawomba m'manja, anakumbatirana, Kevini anagula makeke. Ndinadya awiri.

Tsiku la antchito, olimba mtima anali ochepa, ndipo anawaika kutsogolo, zidole zanga zili kumbuyo ndi masamba awo. Atatsika anawapatsa mapepala kuti alembe mmene amvera. Wina anati chitsulo chopanikiza pamimba chamuthina, anachimasula. Wina anati utsi wabodza umene amapopera pa phanga wamutsokomoletsa, anauchepetsa. Mayi wina wa kukhitchini anataya foni m'malere, m'mawa mwake anatambasula ukonde pansi pa njanji ngati akufuna kukola usipa. Munthu ukufuna mantha, komanso ukufuna mantha osathina. Kevini anandiitana kuti ndikwere nawo. Ndinamuuza kuti ine ndinabwera kudzagwira ntchito, osati kudzaonetsa anthu kukhosi kwanga.

Ndiye linayandikira tsiku la abale, tsiku loyamba loti mipando yonse ikhale ndi anthu. Aliyense anapatsidwa matikiti awiri. Anga ndinakawaponya patebulo ku Braunstone nthawi ya chakudya, pamaso pa mkamwini, n'kunena kuti akafuna akaone sitima imene ndakonza ine ndi azungu anga. Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo. Ndinati popanda ine sitimayo sikanayenda. Ndinkadziwa kuti Naphiri Loweruka amagwira ntchito, ndiye ndinkangotaya mawu. Koma mwanayo anasinthana shifiti ndi mnzake. Lachisanu anandiuza akumwetulira ngati wa zaka khumi kuti abwera onse awiri, ndipo anzake a kuchipatala amuuza kuti kukoma kwa sitima zimenezi n'kumpando wa kumbuyo kwenikweni.

Loweruka m'mawa mu minibasi ndinamuuza Sakala monyada kuti mwana wanga akubwera. Titadutsa minda ingapo ndiye analankhula, motsitsa mawu.

"Mudala, imwe munapakilako malole. Lole yodzala na lole ya hafu, ni iti imamvela buleki pa mtsetse?"

Ndinamuuza kuti asandiphunzitse za malole.

"Sinikuphunzisani. Uja mukazi anamasula mabuleki cifukwa ca vidoli vanu va njala. Manje lelo muzankhala bantu. Ine sinizakambako, mapepa yanga ni yatsopano. Koma mwana ni wanu."

Ndinaonapo lole ya feteleza itakana buleki pamtsetse wina cha ku Dedza. Matumba tinawatola m'munda mwa eni, dalaivala anamutola ena. Zimenezo ndinkazidziwa Hana asanabadwe. Ndinangoti sindinazilole kulowa m'mutu, chifukwa m'mutumo munali mutadzaza kale makeke a Kevini.

Geti litatsegulidwa ndinaima pamwamba pa masitepe kuyang'ana anthu. Sindinkaona nkhope, ndinkaona zigubu. Bambo uyu zigubu zisanu. Mkazi wake zinayi ndi theka. Mchimwene wake wa Kevini zisanu ndi chimodzi, soseji ili m'manja. Anthu odya bwino, palibe ndi mmodzi yemwe wa zigubu ziwiri. Pakati pawo panali Naphiri atavala jekete lofiira, mkamwini atamunyamulira chikwama ngati wantchito. Naphiri anandiona, anakweza dzanja, n'kutembenukira mzungu amene anali pambali pake. Mawu sindinawamve koma pakamwa ndinapaona: awo ndi bambo anga.

Sitima inali itayenda kale maulendo ake a m'mawa ndi zidole, manambala a Hana ali bwino. Kevini anati tikhuthule, tichotse, anthu akwere. Sakala anayambira kutsogolo, osandiyang'ana. Ine ndinapita kumbuyo, ndinagwada movutikira, dzanja pa kampopi ka chidole cha mpando womaliza. Ndikanangopotokola, madzi akanatsikira m'ngalande, ndipo palibe munthu padziko akanadziwa kuti anali ochuluka bwanji. Dzina langa likanatsala lonse. Mpando umenewo ndi umene Naphiri ankaufuna.

Ndinachotsa dzanja.

Mawu aja ankatseketsa mawindo ku Kanengo ndinawatulutsa onse kuitana Hana. Nyimbo za pa sipika zinamveka ngati udzudzu. Mzere wonse unatembenuka. Ndinakweza chitsulo, ndinagwira chidole, n'kuchiponya pakhosi monga ndinkachitira ndi feteleza, msana ukulira, n'kuyenda nacho mpaka pamene Hana anaima.

Mukudziwa chimene azungu aja anachita? Anawomba m'manja. Ena anaimba mluzu, ena anatulutsa mafoni. Ankayesa ndi mbali ya chionetsero, nkhalamba yamphamvu yasenza munthu wathunthu wa madzi. Kevini anakuwa dzina lija la Bigi Mani. Ulemu umene ndinkaufuna zaka zonsezo unabwera tsiku lolakwika, kuchokera kwa zitsiru. Hana yekha sanawombe. Anayang'ana chidole, anayang'ana miyendo yanga, nkhope yake inayera kuposa mmene inalili kale.

Ndinachitsitsa, ndinatsegula chotsekera, n'kuchizondotsa. Madzi anatuluka ochepa, akuda, onunkha ngati a m'dambo, kenako masamba owola, phala lake, phwa pa nsapato za Hana. M'manja muja munatha.

Anafunsa kuti ndi zingati. Ndinamuonetsa zala zisanu ndi zitatu. Anafunsa kuti kuyambira liti. Ndinati mabuleki asanamasulidwe. Sanatukwane. Anatenga kawailesi kake n'kunenamo mawu awiri atatu, ndipo wapageti anakoka tcheni. Anthu anang'ung'udza monga amachitira iwo, mwaulemu wapamwamba, anapatsidwa timapepala tokatengera ayisikilimu n'kubalalika kupita ku akavalo amatabwa. Akuluakulu a ndevu, kutonthozedwa ndi ayisikilimu.

Muofesi Kevini anafiira mpaka m'makutu. Anafunsa kuti masamba anali a chiyani. Ndinamufotokozera za ndowa, sanamve. Munthu amene madzi amamupeza kuchokera m'khoma angamve bwanji za ndowa. Hana anamva. Anafunsa chifukwa chake sindinanene kuti zigubu zikundilemera. Ndinayang'ana pawindo. Kenako anandiuza pang'onopang'ono, kuti ndimve, kuti sitimayo sikanachoka panjanji, chifukwa ili ndi mateyala ogwira pansi ndi m'mbali, ndipo mabuleki omaliza akanaigwira ngakhale itathamanga bwanji. Koma ikanalowa pa kona yomaliza ndi liwiro loposa n'kuima mwadzidzidzi, ndipo a kumbuyo akanapweteka makosi, ena mwina kugonekedwa m'chipatala. Anati zikomo kuti ndanena. Zikomo wa mzungu amabwera ndi kalata kumsana: ndisanafike pageti, a ejensi anali atatumiza kale uthenga pa foni kuti Lolemba ndisabwere.

Ndiye dzina langa ndinaligulitsa chifukwa cha makosi. Osati imfa, osati maliro, makosi. Ndinatuluka ndikudzitukwana.

Naphiri ndi mwamuna wake ankandidikira pa galimoto. Mawu oti ndimubwezere mkamwini akangoyerekeza kumwetulira ndinali nditawanola kale. Sanamwetulire. Anatsegula chitseko cha kutsogolo, anakankha mpando kuti miyendo yanga ikwane, iye n'kukadzipinda kumbuyo. Ngakhale mwayi womukalipira anandimana munthu ameneyo.

Ndikuwerama kuti ndilowe, Naphiri anaika dzanja kumunsi kwa msana wanga, pamalo penipeni, osafufuza.

"Bambo, ndi apa eti?"

Ndinati palibe chimene chikundipweteka.

"Masabata atatu mukuvala nsapato mutakhala pabedi, zingwe osamanga. Ine ntchito yanga ndi yomweyi. Ndimadikira kuti munene nokha."

Ndinamuuza kuti mwana safufuza msana wa bambo ake.

"Chabwino. Koma Lolemba tikupita kuchipatala, ndipo mukakakuwa kumeneko ndikakusiyani pabenchi."

Analiza galimoto. Titadutsa minda ingapo anayamba kuseka yekha, kuseka mpaka kupukuta maso ndi mkono wa jekete. Anati masamba aja anawazindikira asanafike pansi. Anati, nzeru za amayi zimenezo.

Sakala anandiimbira sabata yotsatira. Paipi yaitali ija akuti inafika Lolemba lomwelo, mapepala ake atayenda mwadzidzidzi. Anagulanso sikelo, chidole chilichonse kuyamba chakwera sikelo ngati fodya wa ku okushoni. Anayambiranso kuyesa masabata awiri, mabuleki anawamanganso pomwe analili. Chimene mayi wa kumsika amachidziwa ndi dzanja, iwo anachigula ndi ndalama, n'kuchilemba m'buku lamalamulo.

Chaka chimenecho chisanathe ndinabwerera kuno. Madokotala awo anati msana sudzakhalanso ngati kale, ndiye ndinati ngati n'kukhala pampando, ndikakhale pa wanga. Ndinapeza ana a mlongo wanga ali ndi ndevu, moni wawo woyamba n'kufunsa ngati ndabweretsa mafoni. Kuchitsime kuja anaikako mjigo, ndipo atsikana amatunga m'zigubu zotseka n'kuzikweza pa njinga. Ndinafunsa mmodzi ngati amadziwa ntchito ya masamba pa ndowa. Anandiyang'ana ngati ku Mangalande ndinasiyako mutu.

Paki ija ili ndi mwambo wina wonyansa: imajambula anthu pamene sitima ikugwa, n'kuwagulitsa chithunzi cha mantha awo omwe. Itatsegulidwa kwa onse, Naphiri anapita, anagula, ananditumizira pa foni. Ali kumpando womaliza, kukamwa yasa, manja m'mwamba, mkamwini pambali pake atatsinzina ngati akupempherera chakudya. Namwino wathunthu, mwana wa ine, kulipira ndalama kuti amuzondotse. Uchitsiru umapatsirana ngati chimfine.

Ndinamuimbira pa foni yoonana nkhope kuti ndimuuze zimenezo. Ndinamuuza, mokweza, mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Anandisiya ndimalize. Kenako ndinati atembenuzire mutu kumanja ndione. Anatembenuza. Ndinati kumanzere. Anatembenuzanso.

"Bambo, khosi lili bwinobwino."

Ndinati ndani wafunsa za khosi, ndipo ndinadula foni.